Alendo Asanu, Motoka Ziro

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinkagulitsa mvuu zosema m'mphepete mwa msewu wa ku eyapoti ya Mfuwe, ndipo lamulo langa linali limodzi lokha: usatchule ndalama mpaka munthu atafunadi kumva. Mlendo akanyamula mvuu n'kufunsa kuti ndi zingati, ine ndinkamufunsa kaye ngati waiona yeniyeni kumtsinje, ngati inayasamula, ngati wamva kulemera kwa imene ili m'manja mwakeyo. Ambiri ankaibweza n'kumapita, ndipo pa anthu oterowo sindinavutitsepo mutu wanga. Wogula weniweni amafunsa katatu. Akafunsa kachitatu m'pamene ndinkayamba kuganiza.

Wosema sanali ine. Ankasema ndi mdala wina wa ku Mnkhanya, ine n'kumangozinyamula panjinga kukazilankhulira. Manja anga ali pakamwa.

Chaka china m'chilimwe kunabwera mzungu wadazi, woonda ngati bango, amene anakhala miyezi inayi pa kamsasa kotchipa ku Chinzombo. Ntchito yake inali kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo ankaigwirira paliponse pamene foni yagwira netiweki. Anaikonda mvuu yanga yaikulu. Tinakokana masiku atatu, ndipo tsiku lachitatulo anaseka mpaka kukhala pansi pafumbi.

"Iwe," anatero m'Chingerezi, "uli ngati chinenero chimene ndimalembera mapulogalamu. Sichichita kanthu mpaka munthu atachikakamiza."

Ndinayesa akunditukwana, ndiye ndinakweza mtengo.

Koma anandifotokozera. Ati zinenero zambiri za kompyuta ukazilembera kuti gawa ichi ndi ichi, zimagawa pompo. Pali zina zochepa zimene eni ake amazitcha zaulesi. Chinenero chaulesi ukachipatsa samu, chimangosunga lonjezo lakuti ndidzaichita akadzafuna yankho. Wina akafunsa, chimachita. Akapanda kufunsa, lonjezolo limafera pomwepo ndipo palibe wodandaula. Ndinamuuza kuti kwathu umenewo sititcha ulesi, timati kudziwa malonda.

Giredi thwelofu ndinamalizira ku Chipata makolo asanatsikire kuno kuchigwa kudzalima thonje, ndipo ndinakhalapo chaka ndikutaipira anthu makalata ofunsira ntchito. Choncho mabatani sanali achilendo. Masana aliwonse ndeke ikapita, ndinkakakhala ndi mzunguyo pakhonde la kamsasako iye n'kumandiphunzitsa chinenerocho, anyani akutiyang'ana ngati oyendera sukulu. Pochoka anatenga mvuu ija n'kundisiyira laputopu yake yakale, ya batire lokhala maminitsi leveni. Mpaka lero sindidziwa amene anapusitsa mnzake.

Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, ndi dalaivala wonyamula alendo. Bwana wawo anali mayi wina amene ankayang'anira mamotoka a misasa inayi yogona alendo nthawi imodzi. Tonse tinkangoti madamu. Anali Mkunda wa kuchigwa konkuno, wa mawu ochepa, ndipo akakwiya ankasiya Chinyanja n'kulowa Chikunda. Zikatero ngakhale madalaivala ankazimitsa wailesi. M'mawa uliwonse madamu ankalimbana ndi kope: akubwera ndani, akupita ndani, akwere motoka iti, ndipo motoka yopita kukasiya anthu isabwerere yopanda kanthu. Alamu anawauza kuti ali ndi mlamu wa makina. Ine ndinalemba pulogalamu, ndinachapa malaya, ndinapita kukaonetsa.

Madamu anayang'ana osaphethira, kenako anati, "Mndandanda uzifika pa foni yanga isanakwane seveni koloko. Mlendo mmodzi yekha akadzaima pa eyapoti wopanda womutenga, mubwerera ku mvuu zanu."

"Tinene awiri, madamu. Munthu ndi munthu."

"Mmodzi."

Ndinavomera. Amene sanaimepo pa msewu wa Mfuwe mu Okutobala, phula likufewa kunsi kwa patapata, sangamvetse chifukwa chake ndinavomera msanga chonchi. Ntchito iyi inali ya mthunzi ndi mpando. Mkazi wanga anayamba kuuza azimayi a kutchalitchi kuti bambo a kunyumba ali pa kompyuta. Ndipo malo anga a pamsewu aja, sabata yomweyo anawalanda mnzanga wina amene tinkapikisana naye, munthu wotchula mtengo mlendo asanatsike n'komwe m'motoka. Kubwerera kukanakhala kukapempha kambali kwa iyeyo.

Mtima wa pulogalamu yanga unali mzere umodzi. Pa msasa uliwonse, alendo agawidwe ndi mamotoka. Yankho lake limabwera ngati phukusi la zinthu ziwiri: angati akwere motoka iliyonse, ndipo angati atsala. Iwe umalemba maina awiri, tinene okwera ndi otsala, n'kunena kuti phukusili likamasulidwa, choyamba chikhale cha dzina ili, chachiwiri cha dzina ilo. Mzere umenewu ndinauika mmunsi, pamalo pamene amafotokozera maina. Pamwamba ndinaika mlonda, kutanthauza funso limene pulogalamu imayamba yafunsa: kodi msasawu uli ndi motoka lero? Ngati ilibe, usagawe, alendo ake uwamwaze m'mamotoka a misasa ina. Mwana wa giredi folo amadziwa kuti sungagawe ndi ziro.

Kukoma kwa chinenero chaulesi kunali pamenepa. Mzere wogawa uja umakhalapo ndithu, koma maina awiriwo amangolembedwa kunja kwa phukusi. Mlonda akabweza msasa wopanda motoka, palibe amene amafunsa za okwera kapena otsala, ndiye phukusi silimasulidwa, ziro sakhudzidwa. Ndinayesa ndekha ndisanakaonetse madamu. Ndinaika ziro, mndandanda unatuluka bwinobwino.

Miyezi itatu inadutsa popanda mlendo woima padzuwa. Ndinayamba kunenepa kumaso.

Mu Disembala magetsi anayamba kuzima pafupipafupi, ndipo maminitsi leveni aja anayamba kundidetsa nkhawa. Ndikuwerenga pa foni zimene anthu a chinenerochi amakambirana, ndinapeza kuti muli nambala za mtundu wina. Nambala wamba imakhala yokutidwa: mkati mungakhale nambala yeniyeni, mungakhalenso lonjezo chabe. Koma izi zinali zosakutidwa, zoti sizingakhale lonjezo ngakhale pang'ono. Zikakhalapo ndiye kuti zilipo. Amazizindikiritsa ndi kachizindikiro kooneka ngati mpanda wa khola, kamene timadina pa foni kumapeto pothira tokutaimu. Analemba zambiri, koma ine ndinamvapo mawu amodzi okha: zimathamanga.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ndinakhala pansi pa mango n'kumanga timipanda timeneti pulogalamu yonse. Pali pulogalamu ina imene imayendera zimene walemba isanazisandutse chinthu chogwira ntchito, ngati wapolisi wa pamsewu. Itafika pa mzere wogawa uja inandiimitsa. Sinakane, inangochenjeza kuti pamene ukumasula phukusi la nambala zosakutidwa, kutsogolo kwake uike chizindikiro cha mfuu. Ndinaika kamzere ndi kadontho kake. Inakhala chete. Ndinati basi, imafuna chidindo.

Ine amene ndimatembenuza lisiti kuona ngati kumbuyo alembako kanthu. Ine amene sindinagulepo nkhuku osaiuzira nthenga kuona chifuwa. Sindinafunse kuti mfuuyo ikufuula chiyani.

Kunena zoona, liwiro lake sindinaliwone. Kale mndandanda unkatuluka chala chisanachoke pa batani, ndipo tsopano unkatulukanso chala chisanachoke pa batani. Chochedwa chinali laputopu yeniyeniyo, imene inkatenga maminitsi folo kuti idzuke. Komabe ndinakauza alamu kuti tsopano ikuthamanga kawiri.

"Kawiri kuposa chiyani, alamu?"

"Kuposa kale."

"Ooh," anatero, akupukuta galasi. "Nanga kale inkachedwa?"

Ndinasintha nkhani.

Mu Januwale mvula inagwa masiku atatu osapuma. M'mawa wa tsiku lachinayi, cha m'ma hafu faifi, uthenga wa madamu unalowa. Msasa wa kutsidya kwa dambo, mamotoka ake onse awiri atsekeredwa chifukwa kamtsinje kadzaza. Ikani ziro. Alendo awo asanu akubwera ndi ndeke ya hafu naini, akagona kaye m'misasa inayo.

Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake. Sindinade nkhawa. Izi n'zimene ndinaikira mlonda. Ndinayatsa laputopu, ndinadikira maminitsi ake folo, ndinalemba ziro, ndinadina.

Pulogalamu inafa. Sinatulutse ngakhale dzina la msasa umodzi. Inangosiya timawu titatu ta Chingerezi tonena za nambala zokhala ndi kadontho pakati, zimene ine sindinagwiritsepo ntchito paliponse. Ndinadinanso, chimodzimodzi. Ndinatsegula zimene ndinalemba n'kuyang'ana mlonda: alipo, pamalo pake, funso lake lomwe lija. Ndinadina kachitatu mwamphamvu, ngati mphamvu ya chala ingathandize. Kenako ndinakumbukira kuti ndikanayenera kukopera maina a alendo papepala batire lisanathe, ndipo ndikutambasula dzanja kufuna bolopeni, galasi linada. Ndinatsala ndikuyang'anana ndi nkhope yanga.

Mkazi wanga anali pakhomo akukamula nsanza. "Yafa?"

"Ikupuma."

"Ipume msanga, mafuta ophikira atha."

Katoni ya mafuta omwewo ndi imene ndinang'amba n'kulembapo mndandanda pamanja. Ndinadutsa mauthenga onse a pa foni, ndinafinya mutu. Alendo asanu a msasa wotsekeredwa ndinawayala bwino kwambiri: awiri kwa alamu, awiri kwa wina, mmodzi kutsogolo pafupi ndi dalaivala wachitatu. Ndinajambula katoniyo n'kutumiza kutatsala maminitsi faifi kuti ikwane seveni. Ndinadziona ngati munthu. Ndinadya mango awiri.

Kota pasiti teni foni inalira. Madamu anayambira m'Chikunda.

Chikunda ndimachimva bwino, koma tsiku limenelo ndinalakalaka ndikadapanda kuchimva. Nkhalamba ziwiri, mwamuna ndi mkazi wake, zinali zitaima pansi pa mtengo kunja kwa eyapoti ndi zikwama zawo, mamotoka onse atachoka. Iwo sanali a msasa wotsekeredwa ayi. Anali a msasa wina wopanda vuto lililonse. Anasungitsa malo kalekale mu Novembala kudzera pa imelo, ndipo maina awo ankakhala mu laputopu mokha. Ndinasamala anthu a mavuto n'kuiwala amene analibe mlandu.

Alamu anali atafika kale theka la njira. Anatsitsa alendo ake pa msasa woyamba n'kutembenuka. Ali m'njira anandiimbira, ndikumva matope akumenya kunsi kwa motoka.

"Alamu, makina anu othamanga kawiri aja asiya anthu awiri. Ndiye kuti akanathamanga katatu akanasiya atatu?"

"Ingoyendetsani, alamu."

"Ndikuyendetsa. Ine yanga imachedwa koma imafika."

Atafika anapeza nkhalambazo zili phee, osakwiya kwenikweni. Zinali zitagula mvuu yaikulu kwa mnzanga wolanda malo uja. Alamu anandiuza ndalama zimene zinapereka, ndipo zinandipweteka pawiri: kuti alendo athu abedwa, komanso kuti wowabayo sindine.

Magetsi anabwera cha m'ma thuu koloko. Ndinatsegula pulogalamu n'kuyamba kubweza zimene ndinasintha, chimodzichimodzi. Nditachotsa timipanda ndi mfuu pa mzere wogawa, ndinaika ziro, mndandanda unatuluka. Ndinazibwezerapo, inafa. Ndinachita zimenezi katatu ngati munthu woyesa chitseko chimene chamupana chala.

Pamenepo m'pamene ndinawerenga bwino zimene ndinalumpha mu Disembala. Nambala yosakutidwa ilibe posunga lonjezo. Ukati dzina ili ndi la nambala yotere, nambalayo iyenera kukhalapo nthawi yomweyo, chifukwa palibe chikuto choti ulembepo kuti tidzaona mawa. Ndiye phukusi la nambala zoterezi silingadikire wofunsa. Limamasulidwa pakhomo penipeni, mlonda asanatsegule pakamwa. Mzere wanga unali pamalo omwe aja, mawu ake pafupifupi omwe aja, koma khalidwe lake linali litasinthiratu. Kale unkati ndidzagawa akadzandifunsa. Tsopano unkagawa kaye, kufunsa pambuyo. Kuwonjezera apo, kugawa kwa nambala wamba kumayamba kwayang'ana ngati pali ziro n'kudandaula m'mawu omveka, pamene kwa zosakutidwa kumangokankhira samuyo ku makina osayang'ana, makinawo n'kugwa nayo. N'chifukwa chake inafa ikunena zosamveka.

Ndipo mfuu ija sinali chidindo. Kunali kusaina kuti ndikudziwa, phukusi ili limasulidwa pompano. Chinenerocho chinandiuza maso ndi maso, ine n'kusaina kuti chikhale chete.

Ndinatumizira mzungu uja chithunzi cha mzerewo. Anayankha ndi uthenga wa mawu, theka lake kuseka kokhakokha. Ati njira zilipo ziwiri: usamutse mzerewo ukakhale kuseri kwa mlonda, kumbali imene mamotoka alipo, kapena ubwerere ku nambala zokutidwa. Kenako anafunsa kuti alendo anga amakhala mamiliyoni angati pa tsiku kuti ndifune liwiro lotere. Ndinazula timipanda tonse.

Inatsala ndi nkhani ya madamu. Ndinaika laputopu m'pepala la pulasitiki, ndinaimanga pakaliyala ya njinga, ndinayamba ulendo wa ku ofesi yawo ku Chinzombo. Penapake ndinadikira njovu zitatu kuti zimalize kuganiza pakati pa msewu, ndipo nthawi imeneyo ndinaigwiritsa ntchito kukonza katundu wanga wa pakamwa. Magetsi. Mvula. Batire. Imelo yobwera miyezi iwiri kale. Zonse zinali zoona, ndipo ndinaziyala mwa dongosolo, yotchipa kutsogolo, yodula kumbuyo, yeniyeniyo n'kuisunga pansi pa tebulo mpaka atafunsa kachitatu.

Ndinawapeza mu ofesi, kope lawo lakale lili patebulo, lotsegula. Mpando sanandipatse.

"Mwaswera bwanji, madamu?"

"Taswera. Nenani."

"Nkhaniyi ndi yaitali pang'ono, madamu. Mukudziwa mmene magetsi akuchitira masiku ano, ndiye tikati tiyambire pachiyambi..."

"Chalakwika n'chiyani, walakwitsa ndani? Pompano."

Ndinayang'ana kope lija. Anali atayamba kale kulembamo mndandanda wa mawa ndi dzanja lawo. Ndinaona kuti funso lachiwiri silibwera, lachitatu ndiye ayi.

"Ndine, madamu. Chinthu chinkayenda bwino, ndinachisintha pofuna kudzionetsa. Chinandichenjeza, ine ndinachitseka pakamwa. Magetsi anazimadi, koma ngakhale akanayaka chikanafabe."

M'moyo wanga wonse ndinali ndisanatchulepo mtengo womaliza poyambirira. Ndinamva ngati ndatuluka m'nyumba osavala malaya.

"Ndinati mmodzi. Mwasiya awiri."

"Ndi banja limodzi, madamu."

Mlomo wawo unagwedezeka pang'ono ngati akufuna kuseka, koma anaugwira. "Yatsani."

Ndinayatsa. Maminitsi folo a laputopu ija sanatalikepo ngati tsiku limenelo. Panja wina ankatsuka motoka, ndipo ndinamva ndowa iliyonse. Itadzuka anati ndiike ziro pa msasa wa kutsidya kwa dambo. Ndinaika. Mndandanda unatuluka wonse, nkhalamba ziwiri zija zili pa mzere wachitatu, m'motoka ya alamu, mmene zikanayenera kukhalira m'mawa. Anandikankha pambali n'kuika ziro pa msasa wachiwiri ndi chala chawo. Unatuluka. Wachitatu. Unatuluka, anthu atapanikizana, ena atalembedwa kuti adikire ulendo wachiwiri. Anaika ziro pa wachinayi, misasa yonse n'kukhala yopanda motoka.

Zimenezo ndinali ndisanaziganizepo. Pulogalamu inaima n'kunena momveka bwino kuti yauzidwa kugawa ndi ziro.

"Tsiku limenelo likadzafika ngakhale ine sindidzabwera ku ntchito," anatero. "Koma mukonze. Ndipo mndandanda uzifika madzulo, faifi koloko, osati m'mawa. Maina onse a alendo azikhalanso papepala. Ndikupatsani masabata awiri ndione."

Khalidwe silichoka. "Mwezi, madamu."

"Sabata imodzi."

"Awiri aja ali bwino."

Anatseka kope, koma sanalibweze m'kabati. Linakhala patebulo masabata awiri onsewo, ndipo tsiku lililonse ankalemba mndandanda wawo n'kuufananiza ndi wanga. Tsiku lakhumi ndi chisanu ndinapeza kope lija palibe.

Nkhalamba zija pobwerera kwawo zinapeza kuti mvuu yawo ikuposa kulemera kumene kandeke kakang'ono kamalola. Zinaisiya kwa madamu. Ndinaitembenuza n'kuona kunsi: ndi ya mdala wa ku Mnkhanya yemwe uja, ndimadziwa mmene amasemera zala. Ili pakona ya tebulo lawo mpaka lero, yayang'ana kukhomo. Nthawi zina ndimafika ndi nzeru yatsopano, kuti madamu, ndapeza njira yoti pulogalamu ija izichita mwakuti. Iwo amangotambasula dzanja n'kumaisisita mvuuyo pamutu, ine n'kunena kuti kapena tisiye mmene zilili.